MLENDO NDI MAME: MBIRI YA PAKI YA KU CAPE MACLEAR

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja



Mwezi wathawu ndinali pa ulendo ku dziko la Mfumu Shikabeta, m'boma la Rufunsa. Munthu wocokera ku Lusaka atsata mseu waukulu wa ku Chipata, ndipo atapitirira Chongwe ndi kulowa m'mapiri, apatukira ku dzanja lamanzere, natsika kulinga ku mtsinje wa Lunsemfwa. Ndi dziko la Asoli, lamapiri ndi lotentha, ndipo liri m'cigawo ca Luano cimene Boma liyang'anira nyama zace. Tsiku lina madzulo ndinakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi akulu a pamudzi wina. Nkhalamba ina, itamva kuti ndine wa ku wailesi, inandifunsa funso limene silinandicoke m'mutu kufikira lero. Inati, "Mwana wanga, inu amene muyenda maiko, tandiuzani. Boma likati malo awa ngosungidwa, liwasungira yani? Mvuu zikatha cimanga canga ca kudimba, andiuza kuti mvuuzo ndi cuma ca dziko. Nanga ine ndine ciani ca dziko?"

Ndinayankha kuti, "Agogo, funso lanu ndi lalikulu, ndipatseni masiku ndikaganize." Lero ndifuna kuyesa kuyankha, ndipo ndidzayankha monga acitira akulu pabwalo, ndiko kuti pokamba mbiri ya malo ena kumene mlandu wofanana ndi umenewu unaoneka kale. Malowo ali m'dziko la anansi athu a ku Malawi, m'boma la Mangochi, ndipo dzina lace ndi Paki ya Nyanja ya Malawi, kapena monga anena ambiri, Cape Maclear.

NYANJA IMENE INATIPATSA DZINA

Ciyankhulo cimene ndiri kuyankhula nanu ndi Cinyanja, ndiko kuti mau a anthu a ku nyanja. Ambiri a ife amene tiyankhula Cinyanja mu Lusaka, ku Rufunsa, ku Petauke kapena ku Chipata sitinaione nyanjayo ndi maso, koma dzina lace liri pakamwa pathu masiku onse. Palinso cibale cina. Madzi a Lunsemfwa athira mu Luangwa, ndipo a Luangwa athira mu Zambezi pamalo pamene kale tinali kuti Feira. Nayo Nyanja ya Malawi itulutsa madzi ace ndi mtsinje umodzi wokha, wa Shire, umene ukathiranso mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Cotero madzi amene amai a kwa Shikabeta atsukira mbale akomana ndi madzi a nyanjayo asanafike ku nyanja yamcere.

Nyanja ya Malawi iri m'cigwa cacikulu cimene cinaoneka pamene nthaka inang'ambika ndi kutitimira kale lomwe, monga momwe zinayambira zigwa za Luangwa ndi Luano. Kusiyana kwace nkwakuti cigwa ca ku Malawi cinadzala madzi. Anthu akonda kunena kuti utali wace ndi mailosi 365, monga masiku a caka, ndi kuti pamene itambalala kwambiri ndi mailosi 52, monga masabata a caka. Kuwerenga kumeneku nkwa anthu ofuna kukumbukira msanga, koma sikuli kutali ndi coonadi. Cakumpoto kuli malo ozama mamita 700, ndiko kuti mapazi 2,300. Mu Afrika monse, nyanja za Victoria ndi Tanganyika zokha ndizo ziiposa kukula.

Cakumwera nyanjayi igawika pawiri ngati mphanda, ndipo pakati pa mphandayo pali mtunda wamapiri wolowa m'madzi, wochedwa Nankumba. Pa nsonga pace ndi pamene pali Cape Maclear ndi mudzi waukulu wa asodzi, wa Chembe. Abale a ku Luano musadabwe, si Chembe wanu uja ai, maina angofanana.

ALENDO A BUKU

Azungu asanafike, m'mbali mwa nyanjayi munali Anyanja ndi Amang'anja, mbumba ya Amaravi, anthu a mabwato osema ndi makoka oluka okha. M'zaka za m'ma 1800 Ayao anadza kucokera kum'mawa nakhazikika kumwera kwa nyanja, ndipo malonda a minyanga ndi akapolo anakula. Ngalawa zamatanga zinali kuolotsa akapolo kucokera ku madooko onga Nkhotakota, ndipo patsidya anali kuyenda pansi miyezi kufikira ku gombe la nyanja yamcere.

David Livingstone anafika pa nyanjayi mu September 1859, atakwera ndi mtsinje wa Shire. Mabuku ena akale ati iye ndiye anaitulukira, koma anthu amene anamlozera njira anali kumwa madzi ace kuyambira nthawi ya makolo ao. Mu 1861 anabweranso ndi bwato laling'ono, nazungulira nsonga ya Nankumba, naipatsa dzina la bwenzi lace Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, munthu amene sanapondepo phazi lace pamalopo.

Livingstone anamwalira mu 1873 m'dziko lathu lino, kwa Mfumu Chitambo, ku Ilala, ndilo dziko la Alala. Anthu a kwao ku Scotland anapangana zoyamba mishoni pa nyanjayo ya cikumbutso cace. Mu 1875 anatuma gulu lotsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo m'gulumo munali dotolo wacinyamata wa zaka 24, dzina lace Robert Laws. Anabwera ndi sitima yaing'ono ya pamadzi imene anaicha Ilala, kukumbukira malo amene Livingstone anafera. Tsono onani, sitima yoyamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi inasenza dzina la kuno kwathu.

Pa mtsinje wa Shire pali mathithi amene sitima singakwere. Pamenepo anaiphwasula Ilala cidutswa-cidutswa. Mafumu a Amakololo, anthu amene anadza ndi Livingstone kucokera ku Zambezi wa kumtunda nakhazikika ku Shire, ndiwo anasonkhanitsa amtengatenga mazana ambiri. Anthuwo anasenza zitsulo pamitu, m'njira yamiyala, m'nyengo yotentha, ndipo mbiri iti palibe cidutswa cinasowa. Maina ao sanalembedwe, koma popanda iwo sitimayo ikadaolera kumunsi kwa mathithi. Pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja.

Mfumu Mponda ya Ayao inawaloleza kumanga, ndipo iwo anasankha Cape Maclear cifukwa ca dooko lace lobisika ku mphepo, mcenga woyera ndi madzi oonekera pansi. Mudzi wao anaucha Livingstonia. Anamanga nyumba, nayamba sukulu, ndipo anthu othawa nkhondo ndi ukapolo anadza kudzakhala nao. Mu 1876 Dotolo Laws anacita opaleshoni pogoneka munthu ndi mankhwala, cinthu cimene anthu a kumeneko anali asanacione. Caka comweco kunafika anyamata Acikhosa ophunzira ku Lovedale, ku South Africa, kudzathandiza nchito. Awiri a iwo anali William Koyi ndi Shadrach Mngunana. Ndipo ife okonda ciyankhulo cathu tisaiwale kuti mmodzi wa amishoniwo, Alexander Riddel, analemba buku la malamulo a Cinyanja monga anacimvera pa nyanja pomwepo, limene linasindikizidwa mu 1880.

Koma kukongola kwa malo sikudyedwa. Nthaka inali yamiyala ndi yosabala bwino, midzi yaikulu inali kutali, ndipo malungo anali oopsa. Masiku amenewo palibe anadziwa kuti malungo adza ndi udzudzu, pakuti cimeneci cinadziwika mu 1897. Dotolo William Black ndi Shadrach Mngunana anamwalira mu 1877, ndipo pofika 1881 panali manda asanu. M'caka comweco, mu March, anabatiza munthu wao woyamba, Albert Namalambe. Kenaka mishoni inasamukira ku Bandawe, kwa Atonga, ndipo mu 1894 inakwera phiri kukamanga ku Khondowe, kumene dzina la Livingstonia likhala kufikira lero. Ku Cape Maclear anasiyako Namalambe kuti asunge sukulu. Alendo a buku anakhala zaka 6 zokha. Manda ao ali patsinde pa phiri, m'kati mwa paki, ndipo munthu akhoza kukawaona.

ALENDO A M'MLENGALENGA

Patapita zaka zambiri kunadza alendo a mtundu wina. Mu 1949 ndege zazikulu zotera pamadzi, za kampani ya BOAC, zocokera ku England kunka ku South Africa, zinayamba kutera pa Cape Maclear. Panamangidwa hotela ya anthu olemera, ndipo ena anayesa kuti malowo asanduka mzinda. Koma pakutha kwa 1950 ndegezo zinaleka, popeza ndege zotera pamtunda zinali zacangu ndi zosadya ndalama zambiri, ndipo hotelayo siinacedwe kutsekedwa. Alendo awa anakhala caka cimodzi. Cimene cinakhalitsa ndi sitima ina, Ilala yaciwiri, imene inayamba kuyenda mu 1951 kucokera pa dooko la Monkey Bay, tsidya lina la phiri, kunyamula anthu wamba ndi mitolo yao.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Amishoni anadza napita, ndege zinadza nizipita, ndipo nthawi yonseyo anthu a kwa Chembe anali kukankha mabwato ao madzulo ndi kuyanika usipa m'mawa.

CUMA CIMENE CINALI PANSI PA MADZI

Cinthu cimene cachukitsa malowa pa dziko lonse lapansi si mishoni kapena ndege. Ndi tinsomba ta m'miyala, tambiri ta utali wa cala ca munthu, timene asodzi sanali kutiyesa kanthu poyerekeza ndi cambo, kampango kapena usipa. Dzina lace ndi mbuna, mau ocokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Tina ndi tobiriwira ngati thambo, tina tacikasu, tina tamizere ngati mbidzi.

Mu 1935 mai wina wa ku London, katswiri wa nsomba, Ethelwynn Trewavas, analongosola mitundu yambiri ya nsomba za m'nyanjayi, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer anakhala ku Nkhata Bay kuyang'anitsitsa makhalidwe a mbuna. Kuyambira pamenepo akatswiri apeza kuti Nyanja ya Malawi iri ndi mitundu ya nsomba yocuruka kuposa nyanja ina iri yonse pa dziko lapansi: yoposa 700, ndipo ena ayesa kuti ifika 1,000. Imeneyi iposa mitundu yonse ya m'madzi opanda mcere a ku Ulaya konse. Ndipo yambiri ya iyo sipezeka kwina kuli konse.

Mudzafunsa kuti, zinatheka bwanji? Yankho lace ndi lokondweretsa. Mbuna idya ndere zomera pa miyala, ndipo ibisala m'ming'alu ya miyala yomweyo. Sikonda kuoloka mcenga kapena madzi akuya, pakuti kumeneko kuli nsomba zolusa zonga nceni. Ndiponso mai wa mbuna sataya mazira ace m'madzi kuti atengedwe ndi mafunde. Awafungatira m'kamwa mwace kwa masabata angapo, osadya, kufikira ana ataswa ndi kulimba, nawalabvula pa miyala yomweyo imene iye anabadwira. Cotero banja la mbuna la pa cisumbu cina likhoza kukhala zaka zikwi zambiri losakwatirana ndi banja la pa cisumbu cinzace, ngakhale zisumbuzo zipenyana. Pang'ono ndi pang'ono maonekedwe asiyana, mano asiyana, ndipo popeza yaikazi isankha yaimuna poona mawanga ace, potsiriza sizizindikirananso. Ife tidziwa kanthu kofanana ndi aka. Asoli, Alala ndi Ansenga ndi anansi, koma phiri ndi mtsinje zinawagawa, ndipo ali yense ayankhula mwa iye yekha.

Tsono mvetsani cimene cituruka m'nkhaniyi. Ngati mtundu wina wa mbuna ukhala pa miyala ya cisumbu cimodzi cokha, munthu woononga miyala imeneyo wauthetsa mtunduwo pa dziko lonse. Palibe kwina kokautenga.

PAKI YA NSOMBA

Paki yoyamba pa dziko lapansi inali Yellowstone, ku America, mu 1872, ndipo eni dziko amene anali kusaka m'menemo anaingidwa. Mapaki ambiri a mu Afrika anatsata njira yomweyo: kusunga nyama zazikulu, njobvu, mikango ndi njati, ndi kuika anthu kunja kwa malire. Kuno kwathu paki yoyamba inali ya Kafue, mu 1950.

Mapiri a Nankumba ndi zisumbu zina zinayamba kusungidwa monga nkhalango za Boma m'masiku a Atsamunda. Koma mu November 1980 Boma la Malawi linacita cinthu cacilendo: linakhazika paki yosungira nsomba za m'madzi opanda mcere, ndipo ambiri aiwerenga kuti ndiyo yoyamba ya mtundu umenewu. Ndi paki yaing'ono, ya masikweya kilomita 94, ndipo mbali yaikulu ndi mtunda. Muli mapiri a Nankumba, zisumbu 13, monga Domwe, Thumbi, Mumbo, Boadzulu ndi za Maleri za kufupi ndi Salima, ndiponso madzi a mamita 100 kucokera pa gombe la paki, m'mene lamulo liletsa kusodza. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika pakiyi pa mndandanda wa malo amene ali colowa ca anthu a dziko lonse lapansi.

Wina angadabwe kuti, ngati cofunika ndi nsomba, mapiri alowamo bwanji? Cifukwa cace ndi ici. Mitengo ya paphiri ikadulidwa, mvula ikokolola dothi nilitsikira m'nyanja. Dothilo likuta miyala, ndere zifa, madzi ada, ndipo mbuna isowa cakudya ndi kuunika koonera mnzace. Mtengo wa pamwamba pa phiri ndiwo mlonda wa nsomba ya pansi pa madzi. Mau amenewa akhudzanso ife amene tiona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa mseu wa ku Chipata, pakuti dothi la mapiri a Rufunsa nalo liri ndi kumene lipita.

Koma cinthu cimene ndifuna agogo a kwa Shikabeta acimve ndi ici: pokhazika paki imeneyi anthu sanasamutsidwe. Midzi isanu ya asodzi, Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale, inatsala pamalo pace, ndipo malire a paki anailambalala. Anthuwo asodza kunja kwa mamita 100 aja, ndipo amai aloledwa kutola nkhuni zouma m'phiri atalandira cilolezo. Paki ndi mudzi zigona pa mphasa imodzi.

ZOKAONA NDI ZOKASANGALALA NAZO

Wofuna kukafika kumeneko kucokera kuno apita ku Chipata, naoloka malire pa Mwami kulowa ku Mchinji, napitirira ku Lilongwe, natsikira ku nyanja kulinga ku Monkey Bay. Asanafike pa dookolo apatuka ndi mseu wokhotakhota wa m'mapiri. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu la mizere yonga mphini za pa nkhope ya agogo athu. Mizereyo siinatemedwe ndi munthu, inadza ndi dzuwa ndi mvula. Nyengo yabwino ndi ya cilimwe, koma m'miyezi ya June ndi July kuomba mwera, mphepo ya kumwera imene iutsa mafunde, ndipo asodzi aiopa.

M'mapirimo muli milambe yaikulu, anyani, apusi, mbira za m'miyala ndi zinkhoma. M'madzi muli akatumbu, ndipo m'malo ena muli mvuu ndi ng'ona. Pa cisumbu ca Boadzulu mbalame zodya nsomba zimanga zisa zambirimbiri, kotero kuti mitengo ndi miyala yayera ndi zitosi. Koma mbalame imene Mzambia ali yense adzaizindikira ndi nkhwazi, yomwe ija iri pa mbendera yathu. Anyamata a mabwato aidziwa bwino. Aimba mluzu, naponya nsomba m'madzi, ndipo nkhwazi icoka pa mtengo, nitsika, niitola ndi zala zace osanyowetsa mapiko.

Alendo akwera bwato kunka ku Thumbi, nabvala magalasi oonera m'madzi, nayandama cafufumimba pamwamba pa miyala. Pamenepo mbuna zidza mazanamazana, zosaopa munthu, popeza m'madzi amenewo siziwedzedwa. Ena apalasa timabwato kukagona ku Mumbo kapena ku Domwe, ena akwera phiri, ena angokhala pa mcenga ndi kusewera bawo ndi eni mudzi. Dzuwa likalowa, asodzi a usipa aturuka ndi nyali zao kukakopa nsomba, ndipo pa nyanja paoneka ngati pamera mzinda.

Cenjezo ndi limodzi: m'madzi a m'mbali mwa mudzi muli likodzo. Wosamba kumeneko acita bwino kukaonana ndi a cipatala atabwerako, pakuti mankhwala ace alipo. Ndipo likodzo limeneli liri ndi mbiri yace imene itiphunzitsa kanthu.

MABVUTO A MPHASA IMODZI

Kale magombe a mcenga a ku Cape Maclear anali kudziwika kuti ngopanda likodzo kwenikweni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 matendawa anacuruka. Likodzo liyenda motere: tizirombo tace tituruka m'thupi la wodwala ndi mkodzo, tilowa mu nkhono za m'madzi, tiswana m'menemo, tituruka ndi kuboola khungu la munthu wosamba. M'nyanjamo muli mitundu ya nsomba imene cakudya cace ndi nkhono. Akatswiri amene anafufuza pa Chembe anapeza kuti pamene makoka a maso ang'ono anacepetsa nsomba zodya nkhonozo, nkhono zinacuruka, ndipo iwo ayesa kuti ici ndi cimodzi ca zifukwa zazikulu zimene likodzo linakulira. Nsomba imene msodzi anaikokera pamtunda lero ndiyo ikadateteza mwana wace mawa.

Sitinganene kuti asodziwo ndi anthu oipa. Mudzi wa Chembe, umene kale unali waung'ono, tsopano uli ndi anthu zikwi zambiri, ndipo paki yauzinga, kotero kuti minda siingakule. Munthu wopanda munda apenya ku nyanja. Cambo, nsomba imene Amalawi anyadira, inacepa kwambiri kumwera kwa nyanja ndi m'nyanja yaing'ono ya Malombe m'zaka za m'ma 1990. Nsomba zikacepa, msodzi acepetsa maso a ukonde, mpaka ena asodza ndi masikito opewera udzudzu, natenga ndi ana omwe a nsomba. Nkhuni zowambira nsomba nazo zicokera m'phiri lomwe lija. Ndipo ndalama za alendo, ngakhale zipatsa nchito anyamata a mabwato, ophika ndi osema ziboliboli, sizifika pa khomo liri lonse. Mai wosenza nkhuni akakumana ndi mlonda wa paki, funso la mumtima mwace ndi lomwe lija la agogo a kwa Shikabeta.

Alendo naonso analakwapo. Pamene malonda otumiza mbuna zamoyo ku Ulaya ndi ku America anayamba, kuti anthu azikaziweta m'mabokosi agalasi, nsomba zina zogwidwa kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa Thumbi, ndipo zinaswana pakati pa eni miyala. Cimene cilengedwe cinalekanitsa kwa zaka zikwi zambiri, munthu anacisakaniza tsiku limodzi.

YANKHO KWA AGOGO

Pa nyanja yomweyo pali malo ena amene atithandiza kumaliza mlanduwu. Kufupi ndi Salima kuli cisumbu ca Mbenji, cimene siciri m'paki. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira atseka cisumbuco caka ndi caka m'nyengo ya dzinja, kuyambira December kufikira April, kuti nsomba ziswane. Nyengo yotsegula ikafika pacitika mwambo, ndipo asodzi apita podziwa malamulo, monga lakuti mowa sufika pa cisumbupo. Wolakwa aweruzidwa ndi anthu a kwao. Lamulo limeneli lakhala zaka zoposa 60, ndipo Mbenji adziwika kuti ndi malo a nsomba zambiri. Anthu alisunga cifukwa ndi lao, ndipo phindu lace aliona m'mabwato ao.

Kuno kwathu tiri naco citsanzo cofanana. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule dera lina la m'cigwa ca Luangwa likhale losungira nyama, ndi kuti ndalama za alendo odzaona nyamazo zizilowa m'thumba la boma la Akunda eni ace. Ndipo lamulo la nyama la 1998 linakhazika mabungwe a anthu a m'midzi, kuti okhala m'zigawo zonga Luano akhale ndi mau ndi gawo pa cuma ca nyama. Lamulo lolembedwa ndi ciyambi cabe. Kuti ligwire nchito pafunika kuti anthu afike pa misonkhano, asankhe anthu okhulupirika, afunse kuti ndalama zalowa zingati ndipo zagula ciani.

Tsono agogo, yankho langa ndi ili. Mbiri ya Cape Maclear itionetsa kuti alendo adza napita, ngakhale abwino, ngakhale olemera. Otsala ndi eni mudzi, ndipo tsogolo la mbuna liri m'manja mwa msodzi wa kwa Chembe koposa m'manja mwa katswiri wa ku London. Paki imene iyesa mwini dziko mbala siikhalitsa, pakuti alonda ndi owerengeka ndipo usiku ndi wautali. Komanso mwini dziko amene ayesa kuti nyanja kapena nkhalango siingathe adzadzuka tsiku lina ukonde uli wopanda kanthu. Mwafunsa kuti ndinu ciani ca dziko. Ndinu mwini, ndipo mwini ali ndi zinthu ziwiri: ayenera kulandira gawo lace, ndi kumveka akadandaula za dimba lace, ayeneranso kusunga, popeza adzukulu ace ndiwo adzakhala pomwepo alendo onse atapita. Boma limene lipempha caciwirici liyenera kuyamba lapereka coyambaco.

Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Zimene zaoneka pa Nyanja ya Malawi zikhoza kuoneka pa Lunsemfwa, zabwino ndi zoipa zomwe. Inu omvera a kwa Shikabeta, a kwa Mpanshya, a kwa Bunda Bunda ndi kwina konse kumene anthu agona pa mphasa imodzi ndi nyama za Boma, kambiranani nkhaniyi pabwalo, ndipo mutilembere makalata kutiuza maganizo anu. Ndidzawawerenga pa wailesi pompano.